Kampani ya North Charterland ndi Dziko la Mpezeni

Munthu akafuna kumvetsa chifukwa chimene midzi ya kwa Mpezeni, ya kwa Nzamane ndi ya kwa Madzimawe idakhalira yothithikana pa nthaka yoguga kwa zaka zambiri, pamene pafupi pomwepo padagona thengo lalikulu lachonde losakhudzidwa ndi khasu, asathamangire kunena mvula kapena ulesi wa anthu, monga ankachitira olamula ena a masiku aja, koma ayambe wafunsa za kampani ina imene idabadwira ku London m'chaka cha 1895, dzina lake North Charterland Exploration Company, imene eni ake ambiri adakalamba ndi kumwalira osapondako phazi pa dziko limene ankalitcha lawo. Kampaniyo idagwira nthaka ya chigawo chimenechi kuyambira 1895 kufikira 1941, ndipo m'zaka zimenezo ndimo mudafika mfuti ya chiwaya, lamya, msonkho wa ndalama, galimoto ndi balani la fodya, zinthu zimene zidasanduliza makhalidwe a anthu koposa nkhondo zonse za mikondo zimene zidapita patsogolo pake.

Chiyambi cha zonsezi chinali munthu mmodzi, Mjeremani wogula minyanga dzina lake Carl Wiese, amene ankachita malonda ake kuchokera ku Tete, ndipo adafika koyamba ku bwalo la Nkhosi Mpezeni m'chaka cha 1885. Munthuyu anali wodekha ndi wodziwa kulowa m'mitima ya mafumu. Adabwera ndi nsalu, mfuti ndi onga, naphunzira mwambo wa pabwalo, nakhala pakati pa Angoni kufikira adasanduka mlangizi wa mfumu pa nkhani za Azungu. Ndipo m'chaka cha 1891 adatuluka ndi chikalata chonena kuti Nkhosi yamupatsa ufulu pa nthaka ndi pa miyala ya m'dziko lake. Tsono aliyense woleredwa m'mudzi adziwa kuti mfumu ikaloza mlendo malo, imamuloza pomanga ndi polima, kuti akhale pansi pa mthunzi wake ndi kudya za m'nthakamo, koma dziko lenilenilo, m'mene mugona makolo, silichoka m'manja mwa mwini wake. Pamene ku Ulaya chikalata chotero chili katundu monga mtolo wa nsalu, woti uyu agulitse kwa uyo, uyonso kwa wina, kufikira chikafike kwa anthu osadziwa ngakhale kumene mtsinje wa Lutembwe uthira. Akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma sadanene kuti kalumoko kadzameta yani.

M'chaka chomwecho cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adagawana maiko a m'mbali mwa Zambezi, ndipo dziko la Mpezeni lidagwera mbali ya Angerezi, pansi pa British South Africa Company ya Cecil Rhodes. Harry Johnston, woimira boma la Angerezi m'maiko a kunyanja, adakana kuvomereza zikalata za Wiese. Koma popeza zidali zitagulitsidwa kale kwa anthu a ndalama ku London, Rhodes adaona kuti kugawana n'kwabwino koposa kulimbana, ndipo mgwirizano wawo ndiwo udabala North Charterland. Kampani yatsopanoyo idalandira nthaka ndi miyala ya dera lokwana masikweya mailosi 10,000, ndiko kuti maekala 6,400,000, kuchokera ku mtsinje wa Luangwa kufikira ku malire a kum'mawa, ndi kutsikira kumwera mpaka ku malire a Apwitikizi. Ndipo kampani ya Rhodes idatengako magawo atatu mwa magawo khumi a masheya. M'kati mwa mizere imeneyo simudali Angoni okha. Mudali Achewa, Ansenga ndi Akunda, ambiri a iwo okhala m'madera amene Mpezeni sadawalamulirepo, ndipo mafumu awo sadafunsidwe kanthu, pakuti panalibe amene adaganiza kuti kufunsako n'kofunika.

Chimene chidakopa anthu a ndalamawo chinali golide. Kuyambira kale Apwitikizi ankakumba golide pang'onopang'ono m'dziko la Amaravi kumpoto kwa Zambezi, ndipo mbiri idawanda yakuti mgodi weniweni uli pansi pa makola a Angoni. Ngakhale kukana kwa Nkhosi kuti alendo asayendeyende m'dziko mwake kudawerengedwa umboni wakuti ali nacho chobisa. M'chaka cha 1896 kampani idatuma Colonel R. G. Warton pamodzi ndi Wiese ndi anthu ofufuza miyala, namanga malo awo pafupi ndi mudzi wa mfumu ku Luangeni. Mpezeni, amene adali atakalamba, adamva za kugwa kwa mfumu Lobengula mu 1893 ndi za kuphedwa kwa mfumu Gomani mu 1896, nafuna kuwatenga alendowo mofatsa; koma anyamata a nkhondo, otsogozedwa ndi Nsingo mwana wake, poona anthu alikukumba maenje ndi kuswa miyala m'mapiri, mitima yawo idawawa, pakuti adazindikira kuti woyesa munda wa mnzake ndi mapazi sachita chabe. M'mwezi wa December 1897 Wiese adatumiza mthenga wakuti wazingidwa, ndipo mu January 1898 asilikali adawoloka kuchokera ku British Central Africa, dziko limene pambuyo pake lidatchedwa Nyasaland, Asikh ndi asilikali akuda pansi pa akapitao achingerezi, atanyamula mizinga ndi mfuti za chiwaya za Maxim. Magulu a nkhondo a Angoni amene adaopsa dziko lonse kuyambira pamene mfumu yawo Zwangendaba idawoloka Zambezi mu 1835 sadathe kufika ndi pafupi pomwe poponya mkondo. Nsingo adagwidwa, naomberedwa mu February 1898. Atate wake adadzipereka, nasungidwa ku Fort Manning, kumene lero tikuti ku Mchinji, ndipo atabwezedwa kwawo adatsikira kulichete m'chaka cha 1900. Mwambo wa Angoni wa Nc'wala udazilala pamodzi ndi ufumu wakalewo, osadzukanso kufikira 1980.

Golide uja sadaoneke. Adapezeka wa pang'ono ku Sasare m'dera la Petauke, wokwanira kulembedwa m'malipoti a chaka ndi kutsitsimutsa mitima ya ogula masheya, koma wosakwanira kulipira ngakhale zotayika pomufunafuna. Chuma choyamba chimene chidatuluka m'dziko la Mpezeni chidali cha miyendo inayi, ndicho ng'ombe zikwizikwi zolandidwa pa nkhondo ija, zimene zambiri zidakusidwa kunka kumwera kwa Zambezi, kumene mliri wa ng'ombe udali utatsiriza makola. Chotero kampani imene idabadwira kukumba pansi idatsala ndi zinthu ziwiri zokha za pamwamba, nthaka ndi anthu okhalapo, ndipo mbiri yake yonse kuyambira pamenepo ndiyo ya kufunafuna njira yosandutsira ziwirizi ndalama.

Boma la kampani ya Rhodes, pansi pa Robert Codrington, lidakhazikitsa likulu lake m'chaka cha 1899 m'chigwa cha pakati pa mapiri kwa Kapatamoyo, nalitcha Fort Jameson pokumbukira Dr Leander Starr Jameson, bwenzi la Rhodes; ndipo kufikira 1911 mudzi umenewu ndiwo udali mutu wa North-Eastern Rhodesia yense. Mudamangidwa nyumba za njerwa, tchalitchi cha St Paul's, sitolo ya Mandala ndi masitolo a North Charterland. Amwenye oyamba ochokera ku Gujarat adafika cha mu 1905 natsegula malonda a nsalu, mchere ndi mikanda. Amishoni a Dutch adayamba ntchito ku Magwero mu 1899 ndi ku Madzimoyo mu 1903, ndipo ansembe a White Fathers adakhazikika ku Kachebere mu 1903 momwemo. Waya wa lamya udakokedwa kuchokera ku Domira Bay kunyanja, kotero kuti mawu a bwanamkubwa ankafika ku Salisbury tsiku lomwelo. Koma bokosi lililonse la sopo, lata lililonse la denga ndi bwana aliyense wogona m'machila zinkayenda pa mitu ndi pa mapewa a amtengatenga, ulendo wa masabata kuchokera ku Tete kapena ku Blantyre. Nzeru zatsopano zidafulumizitsa lamulo, koma katundu adalemera monga kale, ndipo wosenza anali yemwe uja.

Chimene chidathyola msana wa makhalidwe akale sichidali chiwaya, koma masheleni atatu. Msonkho wa nyumba udayamba kutoleredwa mu 1901, ndipo popeza ndalama sizimera m'munda wa mapira, ndiponso olemba ntchito pafupi anali owerengeka ndi olipira mochepa, amuna adayamba kutsika wapansi kunka ku Walale, ku migodi ndi ku mafamu a Southern Rhodesia. Ndipo kampani, poona kuti pamenepa pali phindu losalira kukumba, idalowa nawo ntchito yolemba anthu ndi kuwatumiza kumwera. Ena adapita mwa okha pothawa chibalo, ena adagwa m'manja mwa olemba anthu pa madoko a Zambezi. Ena adabwera zitapita zaka ziwiri ali ndi bokosi la malata, chipewa, jekete ndi bulangete, ena adasanduka matchona, akazi awo nakalamba alikudikira. Pakati pa Achewa, kumene mkamwini ayenera kuonetsa mphamvu zake m'munda wa apongozi, mudzi udatsala ndi akamwini a dzina lokha, ndipo nkhwangwa yogwetsa mitengo ya mphanje idasowa woigwira. Pakati pa Angoni, kumene ukwati umangidwa ndi ng'ombe, makola adali apululu, ndipo mnyamata wobwera ndi mapaundi m'thumba adatha kudzilowolera yekha osapembedza atate wake. Sindinena kuti zonsezi zidali zoipa, pakuti mnyamata amene kale akadadikira ufulu wake kufikira imvi adaupeza msanga. Koma mawu a akulu pabwalo adayamba kupepuka kuyambira masiku amenewo.

Zaka zotsatira zidali zowonda. Njanji idadzera kutali kumadzulo, nifika ku Broken Hill mu 1906; kampani idatha mphamvu, nikonzedwanso mwatsopano mu 1910; ndipo mu 1911, pamene maiko awiri a Rhodesia wa kumpoto adaphatikizidwa, likulu lidapita ku Livingstone, Fort Jameson natsala kumbuyo kwa Luangwa ndi nyumba zake za njerwa. Azungu amene adagula mafamu adayesa ng'ombe, adayesa thonje, koma mbozi ndi kutalika kwa njira zidadya phindu lisanaoneke. Pamwamba pa izi padadza nkhondo ya 1914, imene idatenga amuna ochuluka kukasenza katundu wa asilikali ku malire a kumpoto, ndi chimfine cha 1918 chimene chidadzaza manda.

Chimene chidadzutsa mudziwo ndi fodya wa Virginia wowotchera m'balani, amene adayamba kulimidwa cha mu 1912, pamene kampani ya United Tobacco ya ku South Africa idalonjeza msika. Tiyenera kuima pang'ono pa fodya ameneyu, pakuti wosadziwa kalimidwe kake sangamvetse za anthu amene adamulima. Mbewu yake ifesedwa pa nazale dzuwa lili phwee, mvula isanagwe, ndipo ithiriridwa ndi zitini m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa mbande ziwokeredwa pa mizere, kenaka kupalira, kuthena nsonga ndi kuchotsa mphukira, ndipo masamba athyoledwa pang'onopang'ono kuyambira apansi monga momwe akhwimira. Masambawo amangidwa pa mikangala ndi kupachikidwa m'balani, nyumba yaitali ya njerwa yopanda mazenera, imene ng'anjo yake ili kunja, ndipo kutentha kuyenda m'mipope ya chitsulo kuti utsi usakhudze tsamba. Kwa masiku ngati asanu ndi awiri moto suyenera kuzima kapena kupyola muyeso, ukwezedwa pang'onopang'ono kuti tsamba liyambe lachita chikasu, kenaka liume, kenaka uume msempha wake, ndipo wosonkhezera moto akangowodzera usiku umodzi, thukuta la miyezi isanu lipita pachabe. Pamenepa padabadwa luso latsopano, la anthu odziwa kuwerenga choyesera kutentha ndi kuzindikira fodya pomugwira ndi pomununkhiza, amene mafamu ankalimbirana. Padabadwanso njala ya nkhuni yosakhuta, imene idameta mapiri ozungulira mafamuwo. Koma chachikulu n'chakuti fodya afuna manja ochuluka m'miyezi yomweyo imene chimanga cha kumudzi chifuna kupaliridwa, kotero kuti mwamuna wodula tikiti pa famu mu January ankadya phoso la bwana pamene udzu unalikudya munda wake, ndipo akazi ndi ana omwe ankaitanidwa ku shedi kukasankha masamba.

Mu 1919 boma la Britain lidachepetsa msonkho wa fodya wochokera m'maiko a ufumu wake, ndipo mu 1925 lidachepetsanso kwambiri, kufikira fodya wotere ankalowa ndi msonkho wotsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi wa ku America. Pamenepo dziko lidatekeseka. Azungu adakhamukira ku Fort Jameson, ena asilikali akale, ena anyamata osadziwa ndi khasu lomwe, ambiri ndi ndalama zokongola. Mabalani adamera m'mbali mwa misewu, maonekedwe a dziko nasintha m'madzinja awiri okha. Kwa North Charterland aka kadali koyamba kuona chimene idachiyembekezera zaka makumi atatu, pakuti inkadya mbali zonse: inkagulitsa ndi kubwereketsa mafamu, inkalima fodya wakewake, inkagulitsa katundu m'masitolo ake, ndipo malole ake ndiwo ankanyamula mabelo kudzera ku Fort Manning, Lilongwe ndi Dedza kufikira ku njanji ya ku Limbe, kumene fodya ankatsikira ku doko la Beira, kuwoloka Zambezi pa zombo, popeza mlatho wa njanji sudatsegulidwe kufikira 1935. Lole imodzi inkasenza za amtengatenga makumi ambiri, ndipo ntchito imene idapindika misana ya mbadwo wathunthu idayamba kutha popanda woilira maliro. M'malo mwake mudadza madalaivala, amakaniko, amisiri a njerwa ndi a matabwa, makalaliki ndi akapitao, ambiri ophunzira ku mishoni, ena ochokera ku Nyasaland. Anthu ovala nsapato, okwera njinga, oika makina osokera pa khonde, olembera abale makalata m'Chinyanja, amene sadali a mfumu kwenikweni ndiponso sadali a bwana kwenikweni, ndipo mwa iwo ndimo mudatuluka pambuyo pake oyamba kufunsa boma mafunso. Padabadwanso ana ambiri a Azungu a m'mafamu mwa akazi a m'midzi, ena osamalidwa ndi atate awo, ena okanidwa, amene malamulo a masiku amenewo adasowa powaika.

N'kofunika kuyang'ana kutsidya kwa malire, pakuti kumeneko fodya yemweyo adayenda njira ina. Ku Lilongwe, kuyambira cha mu 1920, A. F. Barron ndi R. W. Wallace adapatsa anthu a m'midzi mbande ndi malangizo kuti alime fodya wa chikopa m'minda yawo, iwo namagula. Ndipo alimi akuda adachuluka kufikira boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926. Kumenekonso kudali kudyerana masuku pamutu, mitengo inkaikidwa ndi ogula. Komabe Mchewa wa ku Lilongwe ankagulitsa fodya wake, pamene mbale wake wa kwa Mkanda m'dziko la kampani, wa chinenero chimodzi ndi mfunda umodzi, ankagulitsa manja ake okha, chifukwa kumene nthaka ili ya kampani yoyembekeza ogula achizungu, mlimi wakuda wodziimira payekha awerengedwa wantchito wotayika.

M'kati mwa chikondwerero chimenechi ndimo mudagamulidwa mlandu wa nthaka. Pa 1 April 1924 ulamuliro wa kampani ya Rhodes udatha, dziko lidalowa m'manja mwa boma la Britain, ndipo chaka chomwecho gulu lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza Macdonell, lidayendera East Luangwa kudzadula malo osungira anthu akuda, amene adatchuka ndi dzina la malizevu. Ofufuzawo adayenda nthawi imene aliyense ankakhulupirira kuti Azungu olima fodya adzadza miyandamiyanda, ndipo adayesa dziko ndi muyeso wa chiyembekezo chimenecho: eni dziko onse adapatsidwa ngati gawo limodzi mwa magawo atatu, gawo losakhala lachonde koposa, ndi losowa madzi m'malo ambiri, ndipo chotsalacho chidasungidwira alendo amene adali asanakwere ndi sitima yomwe. Lamulo lokhazikitsa malizevuwo lidatuluka mu 1928.

Chaka chomwecho msika udagwa. Alimi a ku Southern Rhodesia, a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson adali atalima onse pamodzi mopyola muyeso, osafunsa ngati wosuta wa ku England, wozolowera fodya wa ku America, adzasintha pakamwa pake msanga chotero. Makampani opanga ndudu adagula pang'ono, ndipo mabelo adaunjikana m'nyumba zosungira katundu ku London opanda wowafunsa mtengo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwambi umenewu sudakwanirepo bwino chotero. Ngongole zidaitanidwa, mafamu adasiyidwa, mabalani ena adagwa asanawotchemo kachiwiri. Mu 1929 chuma cha dziko lonse lapansi chidagwedezeka, mu 1930 South Africa adaika malire pa fodya wolowa kuchokera kumpoto, ndipo msewu waukulu wa ku Lusaka, umene udatsegulidwira magalimoto m'zaka zomwezo, udathandiza ambiri kutuluka koposa kulowa. Otsala adali owerengeka, olimbika mtima kapena osowa kopita.

Munthu wa nzeru wamba akadaganiza kuti popeza alendo aja sadabwere, eni dziko akadasiyidwa pa malo awo. Sizidatero ayi. Lamulo lidali litalembedwa, ndipo kusamutsa kwenikweni kudachitika msika utagwa kale: midzi idauzidwa kuti ipasule, anthu adasiya mabwinja, mitengo ya mango ndi manda a makolo, nakaunjikana m'malizevu, kumene nthaka imene mwa mwambo ikadagonekedwa zaka zambiri kuti ipume inkalimidwa chaka ndi chaka kufikira idatuwa, mitengo idatha, ndi madzi a mvula adang'amba zigwembe m'minda. Ahabu wa m'Baibulo mwini, atalanda munda wa Naboti, adatsikirako kuti akaulime ndiwo zamasamba. Koma nthaka iyi idalandidwa kuti ingokhala. Thengo lidabwerera pa mabwinja, nyama za m'tchire zidaswana popeza malamulo adaletsa anthu kusaka monga kale, ndipo pambuyo pa nyamazo padadza ntchentche za kashembe, zakupha ng'ombe ndi zopatsa anthu kaodzera, zimene kale zinkatchingidwa ndi minda ndi midzi. Kotero kuti chuma chimene kampani inkasunga chinalikuwonongeka chifukwa cha kusungako, ndipo ntchentchezo zidayamba kulowa ndi m'malizevu momwe. Sir Alan Pim, amene adatumidwa kudzafufuza za chuma cha Northern Rhodesia, adalemba poyera mu 1938 za kuipa kwa malizevu a ku East Luangwa, ndipo wolemba mbiri Leroy Vail adalondola pambuyo pake momwe kusamutsa anthu kudatsegulira kashembe njira.

Chodabwitsa n'chakuti amene adakasuma si anthu osamutsidwa aja, koma kampani. Idadandaula kuti boma lailanda nthaka yake popanga malizevu osailipira kanthu, ndi kuti kampani ya Rhodes, popangana ndi boma mu 1923, idapereka chinthu chosakhala chake. Mlanduwo udayenda m'makhoti a ku London, ndipo mu 1932 woweruza Maugham adakhala pansi kuufufuza kuyambira pa chikalata cha Wiese. Maloya adapikisana nzeru masiku ambiri za tanthauzo la mawu olembedwa zaka makumi anayi zapitazo, pamene adzukulu a munthu amene ankati ndiye adapereka dzikolo analikukumba zitsime zouma, osadziwa kuti dzina la agogo awo lili pakamwa pa anthu ovala mikanjo kutsidya kwa nyanja. Chipukutamisozi chimene kampani inkafuna sichidatuluke, ndipo mu 1937 idakonzedwanso kachiwiri.

Pomaliza boma, poona kuti malizevu sangathenso kusenza anthu, lidagula nthaka yotsala ya kampani m'chaka cha 1941, maekala pafupifupi 3,800,000, pa mtengo wa mapaundi 154,000, ndiko kuti ekala iliyonse osakwana ndi sheleni imodzi yomwe. Ndipo ndalamazo zidachokera m'thumba la dziko, m'mene munkagweranso msonkho wa anthu omwe aja. Kubwezera anthu kudayamba m'zaka za nkhondo yachiwiri, ndipo sikudali kwapafupi, pakuti padayenera kuyamba kulambulidwa misewu, kukumbidwa zitsime ndi kugwetsedwa thengo la kashembe. Akatswiri a zaulimi, mmodzi wa iwo William Allan, adayesa nthaka kuti adziwe anthu angati angakhale pa dera lililonse osaligugitsa, ndipo midzi yatsopano idalozedwa malo ake pamodzi ndi malamulo a migula ndi a kalimidwe, amene alangizi adawakakamiza ndi chindapusa, ndi amene adadzakhala nkhuni za andale m'zaka za m'ma 1950. Mu 1947 nthaka yambiri yotere idalembedwa kukhala Native Trust Land. Kampani idatsala ndi malonda ake ndi malole ake, ndipo pambuyo pake dzina lake lidangokhala limodzi mwa maina ambiri m'mabuku a gulu la Lonrho.